Kusankha zokwiyitsa monga timasankhira fodya: malangizo osungira mtima pa tinthu ta tsiku ndi tsiku

Aliyense amene anakhalapo pa chigafa nthawi yosankha fodya akudziwa kuti belo silimangidwa ndi tsamba lililonse limene dzanja lagwira. Masamba a pansi amakhala paokha, a pakati paokha, a kunsonga paokha, zidutswa n'kupita pa mulu wina. Mukasakaniza, ogula ku msika wa fodya wa Chinkhoma kuno ku Kasungu amalipatsa belo lonse mtengo wa tsamba loipitsitsa limene lilimo, mwinanso kulibweza kumene. Mtima umachita chimodzimodzi ndi zokhumudwitsa. Minibasi yochedwa kudzaza, mbuzi za eni m'munda, netiweki yothawa pamene mukutumiza ndalama, mwana wotaya sopo ku mjigo: tikaziunjika m'belo limodzi ndi matenda, ngongole ndi maliro, tsiku lonse limagulidwa pa mtengo wa chinthu choipitsitsa.

Malangizo awa ndi a kasankhidwe. Si ophunzitsa kumeza mkwiyo, chifukwa womezedwa umadzatulukira kwina, kawirikawiri pa ana kapena pa mkazi amene sanalakwe kanthu.

Mphindi ziwiri zoyamba n'za thupi

Chinthu chikakukwiyitsani, thupi limayamba kale mutu usanaganize. Timadzi totchedwa adrenaline timalowa m'magazi, mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, nsagwada ndi mapewa zimauma. Thupi silisiyanitsa njovu imene yatulukira m'munda ndi kondakitala amene akukana kupereka chenji. Pa zonse ziwiri limakonzekera kumenya kapena kuthawa. N'chifukwa chake mawu otuluka pa nthawi imeneyi amakula kuposa mlandu wake.

Chitani izi motsatana. Tsekani pakamwa. Foni ilowe m'thumba, isakhale m'manja. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mumtima mpaka 4, ndipo muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani ka 10, zomwe sizikwana n'komwe mphindi ziwiri. Mphamvu yake ili pa kutulutsako: mpweya ukamatuluka motalika kuposa momwe walowera, kugunda kwa mtima kumatsika. Ngati malo akulola, chokanipo, yendani mapazi 50, imwani madzi.

Ambiri amalakwitsa potere. Ena amakoka mpweya wambiri mothamanga, n'kuyamba chizungulire ndi dzanzi m'zala, kenaka n'kunena kuti njirayi sigwira. Ena amawerenga ndithu mpaka 10, koma kwinaku akukonza chitukwano choti anene akafika pa 10. Ena amamenya chitseko kapena kukalipa kuti "mkwiyo utuluke", osadziwa kuti uku n'kukupizira mbaula. Ndipo pali vuto la masiku ano, lojambula mawu n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la kalabu ya alimi. Mukamadzati mufufute, anthu 40 amva kale, ena atumiza kwina. Madzi akatayika saoleka. Lamulo lake n'losavuta: uthenga wolembedwa mtima uli m'mwamba ugone kaye usiku umodzi. Mukauwerenga m'mawa n'kuona kuti ukadali woyenera, utumizeni.

Ikani chinthucho pa sikelo

Mtima ukatsika, funsani kuti chatayika n'chiyani kwenikweni, ndipo yankho likhale nambala. Pali miyeso itatu: ndalama, nthawi ndi ulemu.

Titenge nkhani ya mbuzi, poti ndi imene imadanitsa anthu chaka ndi chaka kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama. Mwafika kumunda m'mawa, mwapeza mbuzi za mnansi zadya chimanga. Maso amaona ngati munda wonse watha. Musayambe ndi kufunafuna mwini wake. Yambani ndi kuwerenga mapesi odyedwawo, mzere ndi mzere. Ngati munadzala mbewu imodziimodzi pa phando, mizere itatalikirana masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, ekala imodzi imakhala ndi mapesi opitirira 21,000. Tinene kuti odyedwa ndi 30. Phesi lililonse likanabereka chisononkho chimodzi, ndipo zisononkho 30 mukazitonola zimadzaza pafupifupi chigoba chimodzi cha malita 5. Umenewo ndiye mlandu wake. Onaninso msinkhu wa chimangacho. Chikakhala kuti sichinafike masamba 6, mtima wake umakhala ukadali pansi pa nthaka, moti mbuzi ikadya masamba okha chimaphukanso. Dikirani masiku 5 kapena 7 musananene kuti chafa.

Izi sizikutanthauza kuti mwini mbuzi asauzidwe. Auzidwe, ndipo nthawi ya dzinja mbuzi zimayenera kukhala pa chingwe kapena ndi m'busa. Koma munthu amene akudziwa kuti wataya chigoba chimodzi amayankhula mosiyana ndi amene akuganiza kuti wataya nkhokwe. Ndipo mukawerenga n'kupeza kuti mbuzi zagwetsa chimanga cha ngaiyaye theka la ekala, pamenepo nkhaniyo yachoka m'gulu la tinthu, yafika poyitana mboni ndi anyakwawa kuti adzaone ndi maso awo lisanalowe dzuwa.

Nthawi muziyiyeza ndi wotchi, osati ndi mtima. Kudikira minibasi ya ku Lilongwe kuti idzaze pa depoti kumaoneka ngati theka la tsiku, koma mukayang'ana foni pokwera ndi ponyamuka mupeza mwina mphindi 50. Funso lotsatira ndi lakuti: mphindi 50 zimenezi zakuphonyetsani chiyani? Ngati palibe, mwataya mphindi 50 basi. Ngati zakuphonyetsani nthawi ya kuchipatala, vuto si dalaivala yekha. Ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wochokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe pa msewu wa M1, woima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, sauwerengera ngati wa galimoto yanuyanu. Ulendo wotsatira onjezani ola lathunthu, ndipo musanakwere suzumirani m'katimo: ena okhala pa mipando amakhala oitanira chabe, amene amatsika anthu enieni akayamba kulowa.

Ulemu ndiwo muyeso wovuta, chifukwa ulibe nambala. Munthu wakudutsani osapereka moni, mlamu wanu wayankha mwachidule pa foni, wa pa golosale watumikira wina amene wabwera pambuyo panu. Apa gwiritsani ntchito funso limodzi: kodi pali zifukwa zina ziwiri zimene zingachititse zimenezi, zosakhudza ine? Mwina sanakuoneni, mwina ali ndi wodwala kunyumba, mwina mayunitsi amatha. Simukufunika kukhulupirira zifukwazo. Kungoti mukazipeza, chifukwa choti "amandinyoza" chimasiya kukhala chokhacho pa bwalo.

Chiikeni pa kalendala

Tsopano sankhani mulu wake. Woyamba ndi wa zimene pofika madzulo ano zidzakhala zitatha zokha: fumbi la galimoto, mzere wa ku chigayo, wa kabaza wokuwazani matope. Wachiwiri ndi wa zimene zidzakhalapobe pofika tsiku la msika sabata yamawa. Wachitatu ndi wa zimene mudzazikumbukirabe pokolola. Za mulu woyamba sizifuna msonkhano, sizifuna ngakhale kuzifotokozera kunyumba, pakuti kuzifotokoza katatu n'kuzikwiyira katatu. Za wachiwiri zimafuna kanthu kamodzi kochita. Za wachitatu zokha ndizo zoyenera kukusowetsani tulo, ndipo mukasankha moona mtima mupeza kuti pa sabata sizikwana ziwiri.

Chili m'manja mwa yani?

Zina zili m'manja mwanu, zina m'manja mwa munthu amene mungathe kumufikira, zina sizili m'manja mwa aliyense amene mungakumane naye lero. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira inakwera m'masiku ochepa, ndipo ambiri anakalipira mtsikana wogulitsa pa kauntala ngati ndiye wakhala pa mpando wa Reserve Bank. Mkwiyo wotere umangolemetsa anthu awiri osauka.

Pa zimene simungazisinthe, ntchito yanu ndi kukonzekera. Magetsi amazima, ndiye foni muzitchaja pamene alipo, osadikira kuti ifike pa 5 peresenti, ndipo nyali ya sola muziyiika pa dzuwa m'mawa uliwonse musanapite kumunda. Chimanga muzipita nacho ku chigayo ufa ukatsala wa masiku atatu, osati tsiku limene thumba lagwedezedwa, komanso dziwani kumene kuli chigayo cha dizilo chapafupi. Netiweki imavuta, ndiye sungani kandalama kogwirika kokwana ulendo umodzi wa kabaza ndi mankhwala. Ndalama ikakanirira pa foni, musabwereze kutumiza kawiri katatu mwaukali, chifukwa zonse zikhoza kudzapita nthawi imodzi. Onani kaye zotsala mu akaunti yanu, sungani uthenga umene wabwera, dikirani pang'ono. Matope a mwezi wa January alibe woimbidwa mlandu: walira mvula walira matope.

Dziyang'aneni nokha musanayang'ane mnzanu

Chinthu chomwecho chimene Lachiwiri munachiseka, Lachisanu chikhoza kukuphulitsani. Chasintha si chinthucho. Musanaweruze munthu, dzifunseni ngati mwadya, ngati mwagona, ngati mwamwa madzi, ngati dzulo munamwa mowa, ndiponso ngati pali ndalama imene ikukuvutitsani mumtima. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo amene wagona 4 chifukwa cha maliro kapena kulondera chigafa amapsa mtima msanga, kaya ndi wopemphera chotani.

Kuno kwathu nyengo zoopsa zimadziwika. Kutentha kwa October, pamene madzi achepa ndipo mizere ya ku mjigo yatalika. Miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ganyu wachuluka. Masabata odikira ndalama za fodya, belo litagulitsidwa kale koma ku banki kulibe kanthu, kwinaku matenanti, a sukulu ndi a banki mkhonde onse akuyang'ana inu. M'nyengo zimenezi dziuzeni nokha kuti sikelo yanga panopa ikunama, ndipo nkhani zikuluzikulu za m'banja zimene zingathe kudikira, zidikire. Palinso china chimene ambiri sachidziwa: kuthyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula kumalowetsa nikotini m'thupi kudzera pa khungu, ndipo munthu amamva mutu, nseru ndi chizungulire. Wotere akafika kunyumba, phokoso la ana limamulasa ngati minga. Asambe, asinthe zovala zonyowazo, amwe madzi, apume, asanayambe kufunsa chifukwa chake ndiwo zachedwa.

Kope la masiku 14

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Tengani kope la ana asukulu, mujambule mizere inayi pa tsamba: tsiku, chimene chachitika, kukula kwake pa nthawiyo, kukula kwake m'mawa mwake. Kukulako muzikupatsa nambala kuyambira 1 mpaka 5. Lembani madzulo aliwonse, mawu ochepa, osapitirira zinthu zitatu pa tsiku. Musalembe mbiri yonse ya mkangano, chifukwa kopelo lingasanduke nkhokwe ya zidandaulo, ndipo mukamaliwerenga mudzakwiyanso. Lisungeni pamene ena sangaliwerenge, ndipo maina a anthu mulembe mwachidule.

Pakatha masiku 14, werengani. Mudzaona zinthu ziwiri. Choyamba, zambiri zimene munazipatsa 4 madzulo zinali zitatsika kufika pa 1 kapena 2 m'mawa. Zimenezo ndiye zidutswa, ndipo ulendo wina zikadzabwera mudzazizindikira msanga. Chachiwiri, pali chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zikubwerabwera. Chilichonse chimene chalembedwa katatu kapena kuposa si choti muzichipirira, n'choti mukonze.

Ngati ndi mzere wa ku mjigo, yesani kusintha ola kwa sabata imodzi, kapena pitani ku komiti ya mjigo mukapemphe kuti ndondomeko ya zidebe ikhale yodziwika, kuti munthu asasiye zidebe zisanu pa mzere iye ali kunyumba. Ngati ndi makiyi kapena chiphaso chosowa m'mawa uliwonse, khomani msomali umodzi kuseri kwa chitseko. Ngati ndi nkhuku za eni pa nazale ya ndiwo zamasamba, mpanda wa udzu kapena wa mapesi wa tsiku limodzi ndi wotchipa kuposa chaka chosayankhulana. Ngati ndi achibale opempha ndalama pa foni, gwirizanani m'nyumba kuti pa mwezi ndalama yothandizira abale ndi yakuti, ikatha yatha, ndipo yankho likhale lofanana kwa onse: "Ya mwezi uno yapita kale, tionane mwezi wamawa." Chimene chimapweteka pa mapempho amenewa nthawi zambiri si ndalamayo, koma kuganiza mwatsopano ulendo uliwonse kuti ndipereke kapena ndikane.

Kayankhulidwe pamene pafunika kuyankhula

Pitani nokha, munthuyo ali yekha, osati pa msika kapena potuluka m'tchalitchi. Musapite usiku, musapite wina atamwa. Perekani moni wonse, khalani pansi. Nenani chinthu chimodzi, chimene chinachitika, tsiku lake, ndi chimene mukupempha. Mwachitsanzo: "Achimwene, mbuzi zanu zinalowa m'munda mwanga Lolemba ndi Lachitatu, zadya mapesi 30. Sindinabwerere malipiro ayi. Ndimati tithandizane, muzizimangirira mpaka tikolole." Kwa apongozi mawu amazungulira pang'ono, ndipo kawirikawiri ndi bwino adutse mwa mwana wawo, makamaka ngati ndinu mkamwini wokhala pamudzi pawo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, pafunika kumunyengerera atsike kaye.

Mawu awiri amene amawononga zonse ndi "nthawi zonse" ndi "simunayambe". Mukangoti "inu nthawi zonse mumatero", mnzanuyo amasiya kumva za mbuzi n'kuyamba kufufuza tsiku limodzi limene sanatero. Musabweretsenso nkhani ya malire ya zaka zisanu zapitazo, kapena ya njinga imene anabwereka osabweza pampu. Uku n'kusakaniza magiredi kuja.

Zikakanika, kwerani makwerero mwadongosolo. Bwererani kachiwiri ndi munthu wamkulu mmodzi amene nonse mumamulemekeza. Zikakanikabe, ndiye kwa anyakwawa, ndipo za m'banja kwa ankhoswe. Musanapite kubwalo, werengerani chabwalo, masiku amene mutaye osapita kumunda, ndi zaka zimene mudzakhale mukukumana ndi munthuyo pa maliro ndi pa mjigo. Mlandu wa chigoba chimodzi cha chimanga sufika pa mtengo umenewo.

Zimene siziyenera kuchepetsedwa

Pali msampha pa nkhani yonseyi. Munthu akazolowera kunena kuti "n'zazing'ono", amatha kuyamba kuponya m'zidutswa zinthu zimene ndi zazikulu. Mawu akuti "ena akuvutika kuposa iwe" amathandiza pa nkhani ya minibasi, koma amapha pa nkhani ya nkhanza. Kumenyedwa, kuopsezedwa ndi chikwanje, kulandidwa ndalama zonse za zokolola, mwana kugwiridwa: izi si zokwiyitsa za tsiku ndi tsiku, ndipo kupuma ka 10 si mankhwala ake. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona zimenezi. Mkangano wa mbuzi kapena malire ukangoyamba kutchula ufiti, makamaka pa agogo okalamba, usadikire sabata, akuluakulu a mudzi adziwe tsiku lomwelo.

Kwa amene amalima kufupi ndi Kasungu National Park, kumene njovu 263 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde mu 2022, njovu m'munda si nkhani yoyesera kuugwira mtima kapena kulimba mtima. Musaiyandikire, chotsani ana, dziwitsani ogwira ntchito ku paki ndi amfumu.

Thupi nalo limapereka malire. Ngati mutu ukupweteka pafupipafupi, mtima ukugunda mwamphamvu ngakhale mutakhala pansi, pitani mukayezetse BP. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka konse, ndipo muyeso ukamapezeka pa 140/90 kapena kuposa maulendo angapo, pafunika uphungu wa achipatala, osati kungoti ndichepetsa kuganiza. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, ntchito imene munkaikonda yakulakani, kanthu kalikonse kakukukwiyitsani kapena kukuliritsani, mwina si tinthuto ayi, koma matenda a nkhawa kapena okhumudwa, amene ali ndi chithandizo. Abambo ambiri samalira, amangopsa mtima ndi kuonjeza mowa, ndipo apabanja amaona ngati ndi khalidwe chabe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, ngakhale kamodzi, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, mankhwala a mbewu ndi a fodya achotsedwe m'nyumba asungidwe ndi wina, ndipo mupite kuchipatala osadikira kuti kuche bwino. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha boma ku Kasungu, mukapemphe kuonana ndi woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa zimenezi. Popita tengani buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi kope lija la masiku 14, chifukwa dokotala akafunsa kuti zinayamba liti ndipo zimabwera kangati, mayankho ake ali m'menemo.